Mbale za Amayi pa Chumuni

Pa zinthu zonyansa zimene ndaziona pa moyo wanga, ndipo ndaona zambiri, palibe choposa chumuni cha pabalaza pa amayi anga. Powothera moto penipenipo panalibe vuto. Miyezi yozizira pankafunda bwino, utsi unkakwera osabwerera m'nyumba. Chonyansa chinali m'mbali mwake. Kuyambira pansi mpaka pa kashelefu ka wailesi panali simenti yotuwa, yomatidwa ngati ndi phazi, ndipo m'simentimo munali zidutswa za mbale zadothi, zina chagada, zina chozondoka. Mlendo ankayang'ana kamodzi n'kuyamba kuyamikira makatani.

Inali ntchito ya manja a bambo anga, kalaliki wa ku kampani ya mabasi, munthu woti ngakhale msomali ankaukhoma mokhota. Mbalezo zinali za amayi, khumi ndi ziwiri, za maluwa a buluu ndi mkombero wagolide. Anazigula ndi malipiro awo oyamba a unamwino, ndipo palibe anadyerapo. Zinkadikira mlendo wamkulu amene sanabwere.

Kwa zaka makumi atatu nkhani inali imodzimodzi. Bambo akasonkha moto, amayi ankayamba.

"Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuswa mbale zanga dala ati akukongoletsa nyumba!"

"Ndi luso limeneli, mayi," bambo ankatero akuseka, manja ali pamoto. "Ena amalipira kuti aone zotere."

Ine ndinkaseka nawo, koma maso anga ankapewa chumunicho.

Patatha chaka bambo atamwalira, amayi anandiimbira foni. "Chonyansa cha bambo ako chija ndatopa nacho. Ndikachiona mtima umawawa kawiri." Anali ataitana kale mmisiri, yemwe anati agumula zonse n'kuika matailosi. Mtengo umene anatchula unawachititsa amayi kumufunsa ngati akufuna kumanganso nyumba yonse. Ndiye ndinati ndichita ndekha. Ndinagula kachitini kamodzi ka penti woyera wa madzi ndi bulashi yotchipa, ya mtundu uja umathothoka ubweya ukangoiyang'ana. Kupaka kawiri, zidutswa zonse zibisike, nkhani ithe.

Loweruka m'mawa ndinayala manyuzipepala pansi, n'kugwada. Amayi anakoka mpando wa bambo, n'kukhala kumbuyo kwanga ngati kapitawo.

"Yambira kumanzere. Kumeneko ndiye kunyansa kwenikweni."

Ndinayambira kumanzere. Ndisanapake malo, ndinkayamba ndapukuta mwaye ndi nsanza yonyowa, ndipo timaluwa ta buluu tinkatulukira tatsopano ngati tagulidwa dzulo. Kenako bulashi inkadutsa, timaluwa n'kuzimirira. Pa ngodya ya m'munsi ndinapeza chidindo cha chala chachikulu cha bambo, pamene anakanikiza simenti isanaume. Ndinachidziwa chifukwa ndinalipo tsikulo, ndipo ndi ine ndinkawapatsira zidutswazo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinakwera pa kabati kufuna chitini cha shuga chimene amayi ankabisa kuseri kwa mbale. Shelefu inapendekeka, mbale zonse phwaa pansi, osatsala ndi imodzi yomwe. Amayi anali ku ntchito. Bambo anandipeza nditakhala pakati pa zidutswa, ndikulira mopanda mawu. Anayang'ana ine, anayang'ana pansi, anayang'ana wotchi. Kenako anavula jekete, napita kukapempha simenti theka la ndowa kwa aneba amene ankamanga mpanda. Pamene amayi ankalowa madzulo, bambo anali ataima monyadira pafupi ndi chumuni, malaya ali simenti yokhayokha.

"Taonani, mayi! Ndakukonzerani pabalaza."

Amayi anakhala milungu iwiri osawayankhula. Ine ndinangoti zii, ndipo zii ameneyo anakula nane mpaka ndinakwatiwa naye. Poyamba ndinkaopa chikwapu, kenako ndinkachita manyazi, kenako ndinkadziuza kuti ndi zakale. Koma mlandu suola. Tsopano ndinali kupaka penti pa chinthu chokoma koposa chimene munthu anandichitirapo, amayi akuchitchabe chonyansa, mwini wake sangathenso kudziyankhira.

"Waimiranji? Penti akudontha," anatero amayi.

Ndinaika bulashi pa chitini.

"Amayi, mbale zija sanaswe ndi ababa. Ndinaswa ndine."

"Ukuti chiyani?"

"Ndinkaba shuga. Shelefu inagwa. Iwo anamata apa kuti musandimenye."

Ndinkayembekeza kuti aseka n'kunena kuti ankadziwa kalekale, paja amayi amati amadziwa zonse. Sanaseke. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, nawavalanso. Anayang'ana chumuni nthawi yaitali, theka loyera mbee, theka la maluwa.

"Zaka makumi atatu," anatero motsitsa mawu. "Ndamulalatira pamaso pa alendo. Pamaso pa abale ake. Ngakhale ku chipatala, sabata yomaliza ija, ndinamukumbutsa za mbale zanga. Iye n'kumangoseka."

"Pepani, amayi."

"Pepani wakoyo ukampatse ndani? Iwe mwana ndiwe woipa mtima. Ndipo bambo ako ndi wabodza wotheratu." Anatembenukira kwa ine. "Bwanji osandiuza? Ndikanakumenya kamodzi, basi, zikanatha."

Ndinalira ngati wa zaka zisanu ndi zinayi uja, mayi wa ana awiri, nditagwada pa manyuzipepala.

Amayi anadzuka n'kupita kukhitchini. Ndinamva mpopi ukutsegulidwa. Anabwera ndi beseni la madzi ofunda ndi nsanza ziwiri, nagwada pambali panga, mawondo awo akulira ngati chitseko chakale.

"Paja unati penti ameneyu ndi wa madzi?"

"Eya."

"Ndiye achoka asanaume. Tenga nsanza iyi."

Tinayamba kutsuka. Madzi a m'beseni anasanduka oyera ngati mkaka, timaluwa tikubwerera kamodzikamodzi. M'ming'alu ya simenti penti anakana kuchoka, moti chumunicho chinanyansa kuposa kale. Amayi atafika pa ngodya ya m'munsi anaima. Anapukuta chidindo chija mosamala, kenako anaikapo chala chawo chachikulu. Chinalowa chonse, malo n'kutsalako.

"Taona kupindika kwake," anatero, misozi ikutsikira pa chibwano. "Munthu ameneyu analibe luso ngakhale pang'ono."

Chala sanachichotsepo.