Nkhokwe ya Pakati pa Msewu

Moto utapsereza mudzi wa a Genoveva, kufupi ndi ku Nsadzo, m'chilimwe cha 1956, anthu anagwirizana kuti asamangenso paphulusa. Nyumba zakalezo zinali zothithikana ngati bowa wa pachulu, ndiye moto unkangolumpha kuchoka padenga ili kupita pa ilo. Anasankha malo atsopano pachitunda, tsidya la khwawa.

Masiku omwewo kunafika Jaime, mwana wamwamuna wa a Genoveva, kuchokera ku Beira. Kumeneko ankagwira ntchito kwa mzungu wina wojambula nyumba, amene ankamutcha arkiteto. Jaime ankagwira chingwe choyezera, kusongola malapizi ojambulira ndi kukopera mizere papepala. Atamva kuti mudzi ukusamuka, anapempha akuluakulu kuti auyale iyeyo. Anamulola, poti aliyense anali akuopabe moto.

A Genoveva anali munthu wofunsa. Tsiku lina masana, akusenda mtedza umene unapulumuka, anamukhazika mwana wawoyo pamphasa.

"Mzungu wakoyo amamanga nyumba zingati pachaka?"

"Samanga, amayi. Amangojambula."

"Nanga dothi amaponda ndani?"

"Ena."

"Koma amadya?"

"Amadya kuposa oponda dothiwo."

A Genoveva anasiya kusenda. "Tandiuza bwino. Anaphunzira kuti zimenezo?"

Jaime anati kutsidya la nyanja, ku Lisiboa, kuli shikola yaikulu ya ntchito imeneyo. Anati m'dziko lino mulibe shikola yotero, ndipo iye sankayembekeza kudzaiona, koma mzunguyo akakhuta ankakonda kusimba za kumeneko. Amayamba ndi kujambula: dzanja la munthu, mutu, mtsuko. Kenako masamu, kuti munthu adziwe kuti mtanda ungasenze zolemera bwanji usanathyoke. Kenako za dzuwa ndi mphepo, za madzi a mvula ndi kumene ayenera kuthawira, za nyumba za anthu akale amene anafa kalekale. Akatha zonsezo, ndiye amaphunzira kuyala mzinda wathunthu, misewu yake, misika yake, manda ake.

"Mtsuko?" anatero a Genoveva. "Munthu akufuna nyumba, ayambire mtsuko?"

"Akuti dzanja liyambe laphunzira kuona."

Mawu amenewo anawakonda. Anawabwereza chamumtima kangapo, akusenda mtedza wawo.

Jaime anayala mudzi ndi chingwe ndi zikhomo. Pakati anaika msewu umodzi wowongoka, wotakata, umene iye ankautcha ruwa, wochokera pamwamba pa chitunda kukafika kuchitsime. Nyumba anazindandalika mbali ziwiri, motalikirana, makomo onse kuloza kumsewu. Nkhokwe anati zikhale kuseri, kutali ndi madenga. Tchire lonse analambula mpaka dothi kuyera, kuti moto usapeze poponda. Anakumbitsanso ngalande.

Nthawi yonse yomanga a Genoveva ankakhala mumsasa kudimba pamodzi ndi msuweni wawo, a Custódia. Pepala limene Jaime anajambulapo mudziwo analiona, koma nyumba papepalapo zinali timikombero chabe, ndipo sanadziwe kuti khomo lili pati. Nyumba yawo anawamangira Yosiya, mkamwini wawo, mwamuna wa Marcelina. Marcelina ndiye anali mwana wawo wamkazi yekhayo wotsala. Yosiya anali atakwatira chaka chapitacho, mnyamata waulemu, wamanyazi, wolimbikira ntchito. Mkamwini amamanga pamene amulozera, safunsa.

Tsiku lolowa m'nyumba, Jaime anawaimika amayi ake pakhomo, nkhope ili ngwee.

"Taonani, amayi. Ya Marcelina ndi iyo, moyang'anana ndi yanu. Mukadwala adzangodumpha msewu."

A Genoveva anayang'ana. Khomo la Marcelina linali litawalunjika ngati diso. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Yosiya n'kutulutsa mutu. Maso awo anakumana. Mutu uja unabwerera m'kati msangamsanga ngati wa fulu, chitseko n'kutsekeka.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. M'mudzi wakale zinali zosavuta. Njira zinali zokhotakhota, panali mitengo ya nsatsi, makola, nkhokwe apa ndi apo. Wina akamva kutsokomola kwa mnzake ankangopatukira patchire, mnzakeyo n'kudutsa, ulemu n'kukhalapo popanda wouganizira. Pano panalibe tchire, panalibe pokhota. Munthu akatuluka kuchitsime ankaoneka ali kutali, kadontho chabe, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kufika.

Yosiya anayamba kupita kumunda anthu asanadzuke, kubwera anthu atalowa. Tsiku limene wachedwa kudzuka ankakhala m'nyumba mpaka a Genoveva achoke pakhonde. Iwonso ankachita manyazi kumutsekera mwana wa eni m'nyumba, ndiye ankasinja ali kuseri, pafupi ndi dzala, nkhuku zikuwazungulira. Akakumana pamsewu, onse awiri ankabwerera, uyu kumtunda, uyo kumunsi, ndipo panalibe wofika kumene amapita.

A Custódia sanachedwe kuziona.

"Asuweni, mkamwini wanu uja mwamuika mumsampha wa mbewa? Ndamva akupuma kuchitseko."

"Inu sekani. Wanu ali kuti?"

"Wanga ali kutali, mumzinda wa Sosibele, akuphikira azungu. Ndinasankha bwino ine."

Tsiku lina m'mawa a Genoveva akuchokera kuchitsime, mtsuko pamutu, anaona Yosiya akutsika ndi mtolo wa nsungwi. Ankawalukira nkhokwe yatsopano. Iwo anaganiza kuti lero asabwerere, angozembera kuseri kwa nyumba ya a Custódia. Yosiya nayenso anaganiza chimodzimodzi. Anakumana kuseriko, pakona penipeni, mphuno ndi mphuno. Nsungwi zinagunda mtsuko, mtsuko pansi phwaa, madzi onse m'miyendo mwa Yosiya. Mnyamatayo anagwada m'matope momwemo, nkhope atalozetsa kukhoma, akuomba m'manja osatulutsa mawu. A Custódia anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. Pofika masana mudzi wonse unali utamva, ndipo anyamata akamuona Yosiya ankafuula, "Bisalani alamu, mtsuko ukubwera!"

Patapita masiku, a Genoveva analowa m'nyumba ya Marcelina mwamunayo ali kumunda. Anayang'ana pansi. Akazi onse m'mudzimo anali atazira kale nyumba zawo, koma muno munali fumbi lokhalokha.

"Suzira bwanji?"

Marcelina anawerama. "Akuti ndisavutike."

"Akuti ndani?"

"Eni nyumba. Akuti mvula isanagwe atumiza amalume awo kudzapempha chitengwa. Akuti kwawo ku Cassacatiza munthu amatuluka m'nyumba nthawi imene wafuna."

A Genoveva anayang'ananso fumbi lija. Anadziwa kuti abale a Yosiya akabwera kudzapempha kuti amutenge mkazi kupita naye kwawo, sipadzakhala chifukwa chowakanizira, poti mnyamatayo sanalakwe kanthu. Anadziwanso kuti Marcelina akapita, adzukulu adzabadwira kwa eni, ndipo iwo adzakalamba akuyang'ana khomo lotseka kutsidya kwa msewu wa Jaime.

M'mawa mwake anamuitana Jaime kuti abwere ndi pepala lake. Analiyala pamphasa, n'kuikapo miyala m'makona.

"Nyumba yanga ndi iti?"

Jaime analoza.

"Nanga ine ndili pati?"

"Papepala sipakhala anthu, amayi."

"Ku shikola ija, za apongozi amaphunzira asanajambule mtsuko, kapena atatha?"

Jaime anayamba kuseka, koma anaona kuti amayi ake akufunsadi. Anaganiza kaye.

"Sanazitchulepo. Kwawo munthu amadya ndi apongozi ake pathebulo limodzi. Amawapsompsona patsaya."

"Patsaya!" A Genoveva anagwira pakamwa. "Ndiye nyumba zawo zimakhala bwanji? Ayi, zimenezo udzandiuza tsiku lina. Tiye kuno."

Anatuluka naye pamsewu. Popeza msewuwo unkasesedwa madzulo alionse, mapazi a m'mawa ankaoneka bwino pafumbi. Anamuonetsa phazi lalikulu, la chala chachikulu chopatuka, lochokera pakhomo la Marcelina. Linkatsika pang'ono, kenako n'kuima, n'kutembenuka, n'kubwerera. Kumunsi kwake kunali phazi laling'ono, lawo lomwe, nalonso litatembenuka. Pakati pa mapazi awiriwo fumbi linali losapondedwa.

Jaime ananjuta, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anakulira m'mudzi, mwambowo ankaudziwa, koma anali asanakwatire, ndipo pokoka chingwe sunamufike m'mutu. Anatsatira msewu mpaka kumunsi, maso pansi. Anapeza mapazi ena obwerera pakhomo lina, ndi enanso pafupi ndi chitsime.

"Awa ndi a ndani?"

Amayi ake anamuuza. Anamuuzanso ena amene amapewana, ndi ena amene amatukwanizana mwachisuweni, oti akamayang'anana makomo ndiye amasangalala. Jaime ankafunsabe, iwo akuyankha. Aka kanali koyamba kuti iye azifunsa, iwo aziyankha, ndipo zinawakomera.

"Nkhokwe imene akundilukira a Yosiya yatha," anatero pomaliza. "Ndikufuna ikhale apa." Anaponda pakati penipeni pa msewu, pakati pa makomo awiri aja.

"Ayi, amayi. Pamenepo ayi." Mawu a Jaime anauma. "Moto ukabuka kwa inu udzalumphira pankhokwe, kuchoka pankhokwe kupita kwa Marcelina. Mwaiwala mmene tinkafukulira mbuzi zopsa m'phulusa?"

A Genoveva sanaiwale. Mwanayo ankanena zoona.

"Ndiye mlongo wako azipita," anatero motsitsa mawu.

Jaime sankadziwa za chitengwa. Amayi ake atamuuza, anabwerera pamphasa paja, n'kukhala akuyang'ana pepala lake mpaka mthunzi wa khonde unasuntha. Msewu wowongokawo ndiwo unali chinthu chimene ankachinyadira kwambiri. Ankafuna kudzakauonetsa kwa arkiteto ku Beira. Kenako anatenga lapizi.

Anati nkhokwe ikhoza kukhala pamenepo ngati aimata dothi kunja konse, mochindikala, kuti nsungwi isaoneke. Denga lake likhale laling'ono, lopepuka, loti amuna awiri angalikankhire pansi ndi mitengo moto ukabuka. Msewu ugawike pawiri, uzungulire nkhokwe uku ndi uku. Anajambulanso kanjira kena kuseri kwa nyumba za mbali ya Marcelina, kotsikira kuchitsime, ndipo anati m'mbali mwake abzale nkhadze, poti nkhadze siyaka msanga ndipo ikakula munthu amabisika.

"Mzungu wako akadzaona adzati chiyani?"

"Adzati ndakhotetsa ruwa." Jaime anakanda kumutu. "Mwina adzafunsa chifukwa chake. Nayenso ndi wofunsa ngati inu."

Anyamata ananyamula nkhokwe ija n'kuikhazika pamiyala pakati pa msewu. Akazi anaimata. A Custódia ankaponda dothi akunyogodola.

"Mzinda wa ku Beira uwu, asuweni? Galimoto ya mzungu wa boma, shefi wa posito, ikabwera idzalowa m'nkhokwe kukadya chimanga."

"Ibwere kaye. Chibadwire mwaionapo kuno?"

Yosiya sanaoneke tsiku limenelo. A Genoveva sanamufunse Marcelina za chitengwa.

Kutacha, a Genoveva anatulutsa mtondo wawo n'kuuika pakhonde, kumaso, koyamba chilowereni m'nyumbayo. Khomo la Marcelina silinkaoneka. Chimene chinali patsogolo pawo ndi mimba yofiira ya nkhokwe, dothi lisanaumitsitse. Anamva chitseko chikutseguka kutsidyako. Anamva mapazi, ndipo mapaziwo sanabwerere. Anafika kuseri kwa nkhokwe n'kuima. Kunamveka kutsokomola, kenako kuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Chiyambire kusamuka, mawu a mkamwini wawo anali asanawamve.

"Tadzuka, apongozi. Kaya inu kumeneko?"

"Tadzuka. Nkhokweyi ikufunika mwala wina kumunsi kuno, yapendekeka pang'ono. Ndibweretsa madzulo."

"Zikomo, bambo."

Mapazi aja anapitirira, kulowera kukanjira ka kuseri. A Genoveva anathira chimanga mumtondo. Asanakweze munsi, Marcelina anatulukira mbali ina ya nkhokwe, dengu la dothi lakuda pamutu, matope m'manja.

"Amayi, mwala wanu wokulungira pansi uja unapulumuka pamoto?"

"Uli m'chikwatu, kuseri kwa chitseko. Ukatha ubweze."

Marcelina analowa kukautenga. A Genoveva anaona Jaime akutsika msewu, pepala kukhwapa, maso pansi akuwerenga mapazi.

"Iwe Jaime," anamuitana. "Tabwera undiuze za aja opsompsona apongozi. Makomo awo amalozetsa kuti?"