Tiyi Wakwera Phiri

Risto anafika pa mwala wa malire dzuwa lisanatenthe, chikwakwa m'manja, thumba lopanda kanthu paphewa. Kumunsi kwa mwalawo, mbali ya mudzi wake, kunali minga ndi udzu wouma. Kumtunda, mbali ya mudzi wa alamu ake a Metodi, tiyi wam'phiri anali atachita maluwa achikasu, njuchi zili piringupiringu.

Mwana wake Slavka anali ataimba foni dzulo lake kuchokera kutauni ya Bitola.

"Ababa, ubatizo wa mdzukulu wanu ndi Lamulungu lino. Timitolo ta alendo mwamanga?"

"Ndimanga."

Kwawoko mlendo aliyense paubatizo amapatsidwa kamtolo ka tiyi wodulidwa pamalo a agogo a mwanayo. Wogula pamsika sawerengedwa. Wopempha ndiye woipiratu, amati mwanayo adzakula akutambasula dzanja.

Risto ali mnyamata, tiyiyu ankamera kuseri kwa tchalitchi. Atakwatira, ankamupeza akapitirira kasupe. Kenaka chipale chofewa chinayamba kusungunuka msanga, kasupe anaphwa, tiyi n'kumakwera phiri chaka ndi chaka ngati mbuzi yothawa chingwe. Chaka chatha Risto anazula zitsinde zomwe zinatsala n'kukaziwokera kudimba, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Zinauma zonse.

Anaika thumba pansi, nadula mtengo wolimba. Anakumba m'mphepete mwa mwalawo, nalowetsa mtengo kunsi, nayamba kutekenya. Mwala unagwedezeka, n'kubwerera pamalo pake. Anayesanso. Msana unalira, mwala osasuntha.

"Alamu, mwalawo wakulakwirani chiyani?"

Anali a Metodi, mlongo wa malemu mkazi wake, atatsamira ndodo, nkhosa zili pambuyo. Risto anapitiriza kutekenya.

"Kapena nawonso wamva kutentha, ukufuna kamphepo kakumtunda?"

"Tiyiyu ndi wathu. Wangosamuka."

"Nkhosa yanga ikalowa kwanu ndimakaitenga, poti ili ndi chizindikiro pakhutu. Tiyi wanuyo khutu lake lili pati?"

Risto analavula malovu m'manja, nagwiranso mtengo.

"Dulani, alamu," anatero a Metodi. "Mwanayo ndi magazi a mlongo wanga. Dzazani thumba, ine maso anga ali kunkhosa."

"Sindipempha."

"Simunapemphe."

"Mwandipatsa. N'chimodzimodzi."

"Mlongo wanga anapirira," anatero a Metodi, naponya ndodo pansi. "Sunthani uko. Ine sindikukupatsani kanthu, mwamva? Ndikungokankha mwala."

Zinakankha nkhalamba ziwirizo, thukuta kamukamu, wina kutukwana, wina duu. Mwala unagubuduka pang'onopang'ono mpaka kupitirira tchire loyamba la tiyi. Pamenepo a Metodi anakhala pansi, akupuma wefuwefu.

"Apa basi. Lolemba tidzaubweza, anthu akwathu asanandidye wamoyo."

Risto anayamba kudula, kusiya mizu monga mwa nthawi zonse. Koma mapesi anali aafupi, masamba akumunsi atapsa kale. Anafikisa duwa m'zala nanunkhiza. Fungo linalipo, la patali. Thumba linangofika pakati.

"Timitolo tikhala tating'ono," anatero.

"Alendo sayeza. Ngakhale ine chaka chino ndadula uko." A Metodi analoza ndi chibwano.

Risto anakweza maso. Mzere wachikasu unali utayandikira nsonga ya phiri, pomwe pali miyala yokhayokha. Kupitirira apo kunalibe malo a mudzi uliwonse, kunali thambo basi.

"Nanga mdzukulu wachiwiri akadzabadwa?"

A Metodi anatola ndodo yawo, naimbira nkhosa mluzu.

"Mukamuuze Slavka afulumire."

Risto sanaseke. Anamanga thumba, namenya mwalawo kamodzi ndi chidendene, nayamba kutsetsereka m'minga muja.