Zimene Magazi a Nasoni Ananena

Kumbali ya Nsaru munthu akafuna chitsime padimba kapena pakhomo, ankangofunsa za Nasoni ndi mlamu wake Bizwick. Ntchito anaigawana kalekale popanda mkangano. Nasoni ndiye ankatsikira m'dzenje ndi piki ndi kakhasu kodula mpini, Bizwick n'kutsala pamwamba kugwira chingwe, kukoka ndowa za dothi ndi kucheza ndi eni chitsime. Pakamwa Bizwick anali katswiri, zimenezo tisamunamizire. Koma kungomuuza kuti asuzumire m'dzenje lopitirira msinkhu wa munthu, ankabwerera m'mbuyo ndi mantha, ndipo mudzi wonse unkadziwa, ngakhale mwini wake ankati ndi vuto la msana.

Nasoni anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, ndipo anakwatira Esinati, mlongo wake wa Bizwick. Anali munthu wa mawu ochepa, wovutika ndi khungu kuyambira ali mnyamata. M'zigongono, m'mawondo, kumsana ndi m'mutu munkatuluka zigamba zokhuthala zoyabwa koopsa, za mamba otuwa amene akakanda ankayoyoka ngati gaga. Ena ankati ndi khate, ena ati anaponda mankhwala m'munda mwa eni. Azimayi pamjigo ankamumvera chisoni Esinati mokweza, kuti mwamunayo akamadutsa amve. Nasoni ankangovala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo m'dzenje ankamukonda chifukwa munalibe womuyang'anitsitsa.

Chaka chimenecho nthendayo inakula mpaka zikhatho ndi mapazi zinang'aluka. Bizwick anamukweza panjinga n'kupita naye kuchipatala cha mishoni. Atafunsidwa kuti gadiyani wake ndani, munthu woti azimusamalira ndi kumumvera zachipatala, Nasoni analoza mlamu wake mosakayika. Dokotala wa khungu, mayi wochepa thupi dzina lake Sofia, anati nthendayo ndi soriyasisi, si khate, sipatsirana, ndipo ngakhale sitheratu imagonja ndi mankhwala. Anamupatsa mafuta opaka, n'kumutenga magazi m'timabotolo kuti akayezedwe ku Lilongwe. Zotsatira, anati, adzazimva zikabwera.

Imeneyo inali nyengo ya zitsime. Madzi anali ataphwa m'madimba, ndipo alimi a tomato ndi anyezi ankachita kulimbirana okumba. Mapazi atangopola pang'ono Nasoni anabwerera kuntchito. Mafuta atatha, Bizwick ndiye anapita kukatenga ena, kumusiya mlamu wake akumanga njerwa pakamwa pa chitsime china. Anabwerako akuimba mluzu, n'kunena kuti adokotala akupereka moni, magazi ali bwinobwino, vuto ndi khungu lokha. Nasoni anasangalala mpaka anagwira tambala wake n'kuuza Esinati kuti aphe, alamu adye nawo.

Zinayambira pachitsime china chakuya cha kufupi ndi Kabudula. Anali atafika padongo lonyowa, pamene wokumba amayamba kumva fungo la madzi, ndipo mwadzidzidzi pachifuwa panalemera ngati wina waikapo thumba la chimanga. Ululu unatsikira kudzanja lamanzere, thukuta lozizira linamuyenderera kumsana. Anagwedeza chingwe. Bizwick, ataima patali ndithu ndi m'mphepete monga mwa masiku onse, anamuuza kuti apume pang'ono, madzi ali pafupi. Nasoni atagwedezanso ndi pamene anamukokera kunja, n'kumupatsa thobwa ndi kumufotokozera mwaluso kuti umenewo ndi mpweya woipa wa pansi, aliyense wokumba umamupeza. Mawa lake Nasoni anatsikiramonso. Ululuwo unabweranso pachitsime chotsatira, ndi pa chinanso, ndipo nthawi zonse wolakwa ankakhala mpweya.

Kenaka ku Mpingu kunagwa maliro a kuchimuna kwa Bizwick, ndipo iye anapita kukagona kumeneko. Mafuta anatha mkati mwa masiku omwewo, zigongono zinayambanso kung'aluka, choncho Nasoni anabwereka njinga n'kupita yekha kuchipatala.

Mayi Sofia atamuona pamzere sanadikire kuti nthawi yake ikwane.

"Bambo Nasoni, ndinakuitanani kalekale. Munali kuti?"

Nasoni anayankha kuti palibe amene anamuitana. Iye uthenga umene anamva ndi woti magazi ali bwino.

Mayiwo anavula magalasi. Kenaka anamukhazika pansi n'kufotokoza pang'onopang'ono. M'magazi muli chinthu china chimene iwo amachitcha CRP, chimene chimakwera thupi likamatupa mkati, ndipo chake chinali chitakwera kwambiri, pamodzi ndi mafuta a m'magazi. Nthenda yake siithera pakhungu pomwe anthu amaiona. Kutupa komweko kumachitikanso m'mitsempha ya magazi, n'kumaichepetsa mwakachetechete, kuphatikizapo imene imadyetsa mtima. Magazi okha sanganene kuti mtima wadwala kale, n'chifukwa chake iwo ankafuna abwere msanga kuti auyeze. Zonsezi anamuuza gadiyani wake, mpaka anamuuza kuti abwereze kuti atsimikize kuti wamva. Anamuuzanso kuti wodwalayo akangomva kupweteka pachifuwa, asiye ntchito abwere naye tsiku lomwelo.

Nasoni anawauza za thumba la chimanga lija, ndi dzanja lamanzere. Mayi Sofia sanakalipenso. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamumvetsera pachifuwa, anamupatsa mapilitsi, n'kunena kuti sabata lomwelo apite kuchipatala chachikulu ku Lilongwe akamuunike mtima. M'dzenje asalowenso. Ngakhale njinga yobwerekayo, pachitunda aziikankha.

Anaikankha njira yonse, ndi potsetsereka pomwe. Mantha anali nawo, inde, koma chimene chinkamuwawa kuposa mantha ndi chakuti munthu amene ankagwira chingwe chake ankadziwa. Ankamva chingwe chikugwedezeka m'manja mwake, akudziwa chimene chikuchigwedeza, n'kumalankhula za mpweya. Ndipo tambala anadya nawo, ntchafu zonse ziwiri.

Anamupeza Bizwick pamsika wa Nsaru, atangotsika galimoto yochokera kumaliro, akutafuna chimanga chootcha. Nasoni sanadziwe n'komwe koyambira, anangoti wachokera kwa mayi Sofia. Bizwick anasiya kutafuna. Anayamba ndi kunena kuti madokotala ntchito yawo ndi kuopseza anthu, kuti munthu wamphamvu ngati Nasoni sangagwe ndi timabotolo ta magazi, kuti anthu anali atawalonjeza kale zitsime ndipo sakanawakhumudwitsa. Nasoni anangomuyang'ana mpaka mawu okomawo anatha.

"Alamu," anatero Bizwick potsiriza, motsitsa mawu, "ndikanakuuzani, m'dzenjemo akanalowa ndani?"

Nasoni anagwira njinga n'kumapita.

Kuchokera pamsikapo mtima wake unali pa Esinati. Mkamwini pamudzi wa eni sakhala ndi anthu ambiri, ndipo iye anali ndi awiri okha. Mmodzi anali atamutaya pamsika paja. Tsono wotsalayo amuuze bwanji kuti mchimwene wake, amene anamulera makolo atamwalira, ndi munthu wotere? Anakonza mawu m'njira monse, n'kumachotsa oluma, kuti mkazi wake asapwetekedwe kwambiri. Anafika mpaka poganiza zomuchonderera kuti asakakangane ndi mchimwene wakeyo chifukwa cha iye.

Anamupeza Esinati pakhonde akuswa mtedza wa mbewu, lichero lili pamiyendo. Nasoni anayedzamiritsa njinga kuchipupa, anakhala pampando, n'kufotokoza zonse mwadongosolo: za magazi, za mitsempha, za ku Lilongwe. Za Bizwick anazisiyira kumapeto, ndipo anazinena mofatsa monga anakonzera. Atamaliza anadikira kuti mkazi wake agwire pakamwa kapena alire.

Zala za Esinati sizinaime. Makoko ankangogwera pansi, mtedza m'lichero.

"Mayi a Nowa, mwandimva kodi?" anafunsa Nasoni, akumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Ndamva," anatero Esinati, maso ali palichero. "Achimwene anandiuza tsiku lomwe anabwera nawo mafuta. Tinagwirizana kuti mumalize kaye zitsime, mvula ikagwa tidzakuuzeni."

Nasoni anayang'ana manja a mkazi wake. Ndi manja omwewa amene madzulo aliwonse ankamupaka mafuta kumsana, kumene iye sankafika, ndipo Esinati ankamufunsa mwachifundo ngati chitsime chatsala pang'ono kutulutsa madzi. Iye ankayesa kuti akumudera nkhawa. Anamva manyazi aakulu, ngati wolakwa ndi iye, manyazi a munthu amene anali yekhayekha pakhomo pake chikhalireni koma osadziwa.

"Nanga ndikanafera m'dzenjemo?"

Esinati anapeta lichero kamodzi, n'kuuzira timakoko totsalira.

"Koma simunafe," anatero, n'kutapanso mtedza wina m'thumba.