Chikwama Chopepuka

Madzi anali atalowa kale pansi pa chitseko pamene Telala anakwera pampando kuti atsitse chikwama pamwamba pa wodiropu. Analimbitsa mikono poyembekeza cholemera, koma chikwamacho chinangobwera chili pepuu, ngati pilo.

Kunja mvula inali ikugwa tsiku lachitatu. Galimoto ya chimkuzamawu inali itangodutsa mumsewu wakumtunda, ikulengeza kuti mtsinje wasefukira, onse okhala kumunsi athawire kusukulu ya paphiri msanga. Inali nthawi ya m'mawa, koma m'nyumba munali mdima chifukwa magetsi anali atathima dzulo lake.

Chikwamacho anachisoka yekha ndi nsalu ya tenti chaka chatha, madzi atalowa m'nyumba za anthu mpaka m'mawondo. Anaikamo tochi, chingwe chachitali, machesi a m'botolo, mankhwala othira m'madzi akumwa, zitini zinayi za nyemba, bulangete, wezulo, ndi mapepala ofunika okulungidwa m'pulasitiki. Koposa zonse anaikamo kabotolo katsopano ka mankhwala opopera m'kamwa, pakuti mwamuna wake, Kalipentala, anali wa mphumu. Fumbi la matabwa linali litamudya chifuwa kwa zaka makumi awiri.

Anakhuthulira chikwamacho pabedi. Munagwa bulangete, mapepala, wezulo ndi chotsegulira zitini. Basi.

"Mlamu!" anakuwa.

Mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake amene ankakhala nawo, anali pakhonde kulimbana ndi njinga yake yamoto yonyamulira anthu, kufuna kuikweza pabenchi. Analowa akupukuta madzi kumaso.

"Chingwe chili kuti?"

"Chingwe chiti, alamu?"

"Usandiyese mwana, iwe. Cha m'chikwama muno."

Mlamu anayang'ana pansi. "Ndinangobwereka pomangira katundu wa anthu. Chinaduka kalekale."

"Nanga tochi?"

"Ija inagwera m'ngalande. Koma zitini sindinakhudze, ndikulumbira."

Za zitini Telala sanafunse, chifukwa ankadziwa. Anazitsegula yekha tsiku lina alendo atangofika osanena, akudziuza kuti abwezeramo mawa lake. Machesi nawonso anatenga ndi iye. Mankhwala a m'madzi anagawira mnzake woyandikana naye nyumba.

"Kabotolo ka achimwene ako?"

Mlamu anapukusa mutu. Pabalaza panamveka chifuwa chouma, chosafuna kutha.

Kalipentala anali atakhala patebulo, mapazi pampando, atawerama, manja pamawondo. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika, ndipo m'chifuwa munkalira ngati chitseko cha mahinji adzimbiri. Chinyezi ndi kuzizira zinali zitamugwira kuyambira mbandakucha.

"Bambo, kabotolo ka m'chikwama kaja kali kuti?"

Mwamunayo anatambasula dzanja. "Ndi kameneka," anatero, akudula mawu kuti apume. "Kakale kanatha... mwezi watha. Ndimati ndikamaliza... zitseko za anthu... ndipita kuchipatala."

Anakaika pakamwa n'kupopa. Kanangoti fuu, mpweya wopanda kanthu.

Telala anagwira mutu ndi manja onse awiri. Ankafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Chaka chonse ankagona mtima uli m'malo akamva mvula padenga, poganiza kuti chikwama chilipo. Chonsecho atatu onsewo ankachiboola pang'onopang'ono ngati mbewa, aliyense payekha, aliyense akuti abwezeramo.

Madzi anafika m'akakolo. Nsapato zinayamba kuyandama, kuzungulira miyendo ya tebulo.

"Tiyeni tizipita," anatero Telala. "Mungayende?"

Kalipentala anatsika patebulo, nayenda mapazi atatu, kenako mawondo anagonja. Mlamu anamuwakha asanagwere m'madzi. Anayesa kumubereka, koma chifuwa chitangopanikizika pamsana, mkuluyo anayamba kumenya phewa la mng'ono wake, maso ali tong'o.

"Mutsitse! Ukumutsamwitsa!" anakuwa Telala.

Maso a Telala anagwera pa chitseko chatsopano chimene chinatsamira khoma, chosapaka n'komwe vanishi. Anachigoneka pamadzi, namukhazika mwamunayo pakati, atamufunditsa bulangete. Asanatuluke, iye ndi mlamu anazula mutu wa makina osokera n'kuukweza pamwamba pa wodiropu. Telala anaupukuta kamodzi ndi chikhatho. Makinawo ndiwo ankawadyetsa mwamunayo akadwala. Anakoleka wezulo m'khosi, mapepala n'kulowetsa m'bulauzi, natuluka osatseka.

Mumsewu munalibe munthu. Anzawo onse anali atathawa. Madzi ofiirira ankafika m'ntchafu, atanyamula zidebe, mabotolo, matiresi a mwana ndi nkhuku zakufa. Mlamu anagwira chitseko kutsogolo, Telala kumbuyo, akupapasa pansi ndi mapazi kuopa maenje.

"Achimwene, chitseko chanuchi n'chabwino ndithu," anatero mlamu, mano akugundana. "Mukachira tiyambe kupanga maboti."

Palibe anaseka.

Anadutsa nyumba zisanu n'kufika pamphambano pamene ngalande yaikulu imadutsa pansi pa msewu. Apo ndiye panalibenso msewu. Madzi ankathamanga modula, akuwira thovu, ndipo iwo akuyang'ana, firiji ya munthu inadutsa ikugubuduzika ngati kabokosi. Kutsidya, pamtunda wa mapazi ngati khumi ndi asanu, msewu unkayamba kukwera. Kumeneko amuna angapo anali ataima pakhonde la golosale, atatembenukira kwina.

Mlamu anagwira pholo la magetsi ndi mkono umodzi, winawo atagwira chitseko. "Popanda chingwe sitingawoloke, alamu," anatero motsitsa mawu. Sanamuyang'ane kumaso.

Anakuwa onse awiri, koma mvula ndi mkokomo wa madzi zinameza mawu awo. Kalipentala anali atasiya kulankhula. Milomo yake inayamba kuda.

"Mugwire. Usamusiye ngakhale utaona chiyani," anatero Telala, nabwerera m'mbuyo.

Nyumba zisanu zija zinatalika ngati ulendo wa tsiku. Anagwa kawiri, namwa madzi onunkha. M'nyumba madzi anali atafika m'chiuno, mipando ikugundana yokha. Pashelefu ya pamwamba panali mpukutu wa nsalu yokhuthala ya makatani, umene mwini malo ena ogona alendo anabweretsa sabata yomweyo kuti amusokere. Anausenza pamutu, osaganiza n'komwe zimene adzamuuze mwiniwakeyo.

Atafika papholo paja anamasula nsaluyo, kuipota, n'kumanga mfundo zitatu papholopo. Nsalu ankaidziwa: yotereyi siing'ambika ukaikoka m'litali. Kenako anaika wezulo pakamwa n'kuimba ndi mpweya wake wonse, osalekeza, mpaka m'makutu munalira. Amuna a pagolosale aja anatembenuka.

Telala anapanikizira chitseko kupholo ndi chiuno chake, ndipo mlamu anadzimanga nsonga inayo m'chiuno. "Alamu, ndikapita mukauze anthu kuti ndinali wokongola."

"Pita, iwe!"

Analowa. Mapazi anayi oyamba anayenda, lachisanu madzi anamuzula n'kumuponya chammbali. Anamira, natumphuka, namiranso. Nsalu inathamanga m'manja mwa Telala mpaka kumuwotcha zikhatho. Kutsidya amuna aja anagwirana manja, kupanga mzere wolowa m'madzi, ndipo wakutsogolo anamugwira mlamu kolala. Anamukokera kumtunda phazi likuchucha magazi. Lata lina lobisika m'madzi linali litamucheka. Nsalu anaimanga pa nsanamira ya golosale, ndipo amuna awiri anawoloka atagwira nsaluyo. Chitseko anachikoka pang'onopang'ono, Kalipentala ali pamwamba, Telala ali pambuyo madzi akumufika m'khosi, akungoti, "Pumani, bambo, pumani. Tafika."

Kusukulu kunali kosapondeka. Anthu anadzaza m'makalasi ndi m'makonde, ana akulira, zovala zonyowa zikununkha. Pakhomo la ofesi panali mayi wa zaumoyo ndi katoni yake imodzi. Anamukhazika Kalipentala motsamira khoma, namvetsera m'chifuwa, nkhope yake n'kusintha.

"Mankhwala ake opopera ali kuti?"

"Atha."

"Ine ndili ndi mabandeji ndi mankhwala a mutu basi. Ambulansi singafike, mlatho waduka. Mayi, funsani mwa anthumu. Fulumirani."

Telala analowa m'kalasi yoyamba n'kukwera padesiki, madzi akuchucha m'zovala. "Anthu inu, ndithandizeni! Ndani ali ndi mankhwala opopera a mphumu? Mwamuna wanga akufa panjapa!"

Anthu anayang'anana. Wina anati am'mwetse madzi otentha, wina anati am'pempherere. M'kalasi yachiwiri zinali chimodzimodzi. M'kalasi yachitatu mawu ake anali atasasa, koma atangotchula mphumu anaona mtsikana wina pakona akulowetsa dzanja msanga m'thumba la jekete. Pambali pake panakhala bambo wokalamba, wowonda, atafunda thaulo.

Telala anapita n'kugwada m'matope a pasimenti. "Ndakuonani, achemwali."

"Ndi ka bambo angawa," anatero mtsikanayo, dzanja lili m'thumba. "Mwatsala pang'ono. Nawonso chifuwa chawavuta kuyambira dzulo."

"Kawiri kokha. Ndikupemphani."

"Nanga kakatha, ine ndikagwadira ndani? Inu simunkadziwa kuti mvula ikubwera? Ife tinasunga. Ine ndatuluka m'nyumba wopanda nsapato, koma aka sindinakasiye."

Mawuwo anamulasa Telala mpaka m'mafupa. "Ndinasunga, mwana wa mayi anga," anatero, misozi ikutsika. "Ndinasunga, koma sindinkayang'anamo. Mlandu ndi wanga. Koma iye uja asafe chifukwa cha ine."

Mtsikanayo anatembenukira kukhoma.

"Mwanawe," anatero bambo wokalambayo, "apatse."

"Bambo, inu simukudziwa kuti..."

"Ndikudziwa. Ine ndikupumabe. Mnzangayo sakupuma. Ndimakudziwa kumene ali, ndinafikako. Apatse."

Mtsikanayo anadzuka mokwiya, koma kabotoloko sanapereke m'manja mwa munthu. Anapita nako yekha, nagwada pamaso pa Kalipentala, n'kumupopera kawiri. Anadikira. Chifuwa chinkalirabe.

"Onjezerani," anatero wa zaumoyo mofatsa.

Mtsikanayo anamuyang'ana, nayang'ana Telala, nayang'ana milomo yakuda ija. Anapopanso kawiri, akulira.

Pang'ono ndi pang'ono mapewa a Kalipentala anatsika. Kulira kwa m'chifuwa kunachepa. Anatsegula maso n'kufunafuna mkazi wake.

"Mayi... makina aja... munakweza?"

Telala anaseka ndi kulira nthawi imodzi, nakhala pansi pomwepo.

Mpumulowo sunakhalitse. Bambo wokalamba uja anali atawatsatira pakhonde, ndipo mphepo yozizira itamuwomba anayamba kutsokomola. Mwana wake anagwedeza kabotolo pafupi ndi khutu, nakagwedezanso. Nkhope yake inanena zonse.

"Sikafika mawa aka," anatero wa zaumoyo. "Ndipo onse awiri akafunanso dzuwa lisanalowe. Kuchipatala kukufikika wapansi, podzera njira ya pamwamba pa phiri. Ndi maola awiri kupita kokha. Wina atapita ndi mabuku awo a kuchipatala, ine ndilemba kalata."

"Ndipita ine," anatero mlamu. Anadzuka, naponda, n'kugwa pomwepo. Bandeji ya kuphazi inafiiranso.

Telala anayang'ana anthu a pakhondepo. Aliyense anali ndi wake womugwira, ndi zake zomulira. Anapisa m'bulauzi, natulutsa buku la mwamuna wake m'pulasitiki muja, natambasula dzanja kwa mtsikana uja.

"Ndipatseni la bambo anu."

"Mayi, musapite," anatero Kalipentala, atamugwira siketi. "Mwatopa... njira ija ndi yoterera."

"Mukanapita inu mwezi watha, dzuwa likuwala," anayankha Telala. Sananene mokalipa. Anachotsa dzanja la mwamunayo pasiketi, nalifinya, n'kulibwezera pabondo pake.

Anakulunga mabuku awiriwo pamodzi ndi kalata, nawalowetsa m'bulauzi. Mtsikana uja anavula jekete lake n'kumuveka Telala. Telala anamukokera pambali, koma analankhula mokweza ndithu kuti mwamuna wake amve.

"Akabanika onse awiri ine ndisanabwere, muyambe mwawapatsa bambo anu. Ndi kawo. Wangayu adikire ine."

Kalipentala anamva, ndipo anagwedeza mutu kuvomera. Telala anamanga zipi ya jekete mpaka m'khosi, natsika masitepe a sukulu, n'kulowa mumvula.