Makalata a mu Foda ya Achimwene

Mpaka Lachitatu lapitali, sindinauzepo munthu kuti makalata amene Amayi akhala akuwerenga, ochokera kwa malemu achimwene, ndimalemba ndine.

Kompyuta yathu imakhala m'chipinda chosokera, pafupi ndi makina a Amayi. Achimwene ndiwo anaikonza. Foda yawo aliyense ankatha kuiwerenga, koma kulembamo ankaloledwa a m'gulu limene anapanga okha, ndipo ine munalibe. Tsiku lina anandionetsa kalamulo ka pakompyuta ka zilembo ziwiri. Ukakalemba, n'kuika dzina la gulu ndi mawu ake achinsinsi, kompyuta imakutenga ngati wa m'gulumo mpaka lamulo lako litatha.

"Ndi chovala chobwereka chimenechi, a Duu," anatero. Ankanditchula choncho poti sindiyankhulayankhula. "Mukatha muzivula, musamapite nacho kuukwati."

Achimwene atamwalira, Amayi anasiya kudya, makina anachita fumbi. Ankangotsegula fodayo n'kumayang'ana zithunzi. Ndiye ndinavala chovala chija, n'kusiyamo kafayilo: "Amayi, idyani." Anadya. Sabata yotsatira: "Malizani diresi la mayi a kuseri aja." Makina analiranso. Amayi anayamba kunena kuti mwana wawo anakonzeratu makalata oti azituluka okha nthawi yake ikakwana. Ine duu. Ndinkaopa kuti ndikaulula, mbale ziyambanso kubwerera zodzaza.

Lachitatu masana ndinapezamo fayilo imene sindinalembe.

Kusukulu ya kompyuta, kumene ndangomaliza kumene, anatiphunzitsa kuona mwini wake wa fayilo. Pa makalata anga onse gulu ndi la achimwene, koma mwini ndine. Kompyuta sibisa zimenezo, kungoti Amayi sadziwa poyang'ana. Pa iyi, pamalo a mwini panali dzina la achimwene. Inalembedwa m'mawa womwewo, ine ndi Amayi tili kogula nsalu, nyumba yokhoma.

Munali mawu ochepa: "A Duu, vulani tsopano."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti mpando ndinaupeza utatalikira tebulo, mmene ankausiyira achimwene chifukwa cha miyendo yawo yaitali ija. Dzuwa linali phwee pazenera.

Amayi analowa, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Iwe, wauma bwanji ngati waona njoka? Walembanso mwana wanga? Suntha ndione."

Sindinasunthe.

"Amayi, khalani kaye pansi. Makalata onse aja, kupatula ya leroyi, ndakhala ndikulemba ndine."