Zipolopolo Zakufa za Don Baudilio

"Kameneko ayi. Kakulumani."

"Koma ndi kamene kakukwana m'chikwama."

"Sopo amakwananso m'chikwama. Tagwirani, muone pamene chala chanu chaching'ono chikugona."

Ndinagwira. Chala chaching'ono chinangolendewera pansi pa chigwiriro, chopanda pokhala. Don Baudilio, mwini sitolo ya mfuti ya kuseri kwa msika wa Chiquimula, anandilanda kamfutiko n'kukabwezera pansi pa galasi.

"Mfuti ikachepa ndi pamene imakankha kwambiri," anatero. "Onga ndi womwewo, koma palibe chitsulo choti chimeze ukali wake. Wonse umathera m'dzanja mwanu. Muwomba kamodzi, kawiri, kachitatu muyamba kukaopa. Mapeto ake kazikagona m'dirowa, inu muli pamsewu."

Amalume Aroldo, mlongo wawo wa amayi, anali atatsamira chitseko chipewa chili kumaso. "Muzimuuza pang'onopang'ono, Don Baudilio. Ameneyu anatha zaka zisanu ku likulu akuphunzira masamu. Zinthu zosavuta sazimva."

Sindinakwiye, chifukwa sankanama kwenikweni. Ndine munthu amene ndimagula nyuzipepala chifukwa cha tsamba lakumapeto lokha, la timabokosi todzaza manambala. Mfuti sindinaifunepo. Koma mu Febuluwale bambo anga anawomberedwa pamsewu wopita kumunda wathu wa mavwende, pa mlatho wouma, patapita zaka zitatu akukangana ndi anthu a kumtunda za ngalande ya madzi. Anawapeza atakhala m'galimoto, mfuti yawo ili m'dzanja. Anali ataitulutsa nthawi yabwino, analoza, anakoka. Siinalire. Apolisi anati chipolopolo chinali chofooka, zimachitika. Munda unatsalira ine, pamodzi ndi ngalande ija ndi msewu womwewo, kawiri pa mlungu. Choncho za kukongola kwa mfuti ndinalibe nazo ntchito. Ndinkafuna imene idzalire ndikadzakoka.

Don Baudilio anatulutsa ina, yokulirapo pang'ono, yakuda bii, yolowa zipolopolo khumi. Zala zonse zinapeza malo. Anandipatsa kachikwama kachikopa kolowetsa mkati mwa lamba, n'kundiuza kuti ndigwetsere bulauzi pamwamba.

"Khalani pampando. Imani. Tolani kiyi uyo pansi. Tengani bokosi lili pamwamba apo. Aroldo, ikuoneka?"

"Kuoneka siikuoneka," anatero amalume, "koma akuyenda ngati wabisa nkhuku yakuba."

"Azolowera. Tonse tinayamba ndi nkhuku."

Mapepala a boma anatenga milungu isanu. Atatuluka, Don Baudilio anati sandipatsa mfutiyo ndisanaphunzire kuigwira, ndipo tinapangana Loweruka masana.

Malo ake ophunzitsira ndi dzenje lalikulu kunja kwa tauni, mmene kale ankaphwanyamo miyala. Mulibe mtengo, mulibe mphepo. Makoma a mwala amazungulira mbali zitatu, oyera mbee, ndipo ukayankhula mawu ako amabwerera mochedwa pang'ono, ngati pali wina akukubwereza kuseri. Panali tebulo limodzi pansi pa malata anayi. Pamwamba pa khoma panakhala miimba isanu, imene inazolowera mfuti moti siiuluka.

Anandiimika mapazi khumi kuchokera pa chandamale, pepala lojambulidwa munthu wopanda nkhope.

"Dzanja lamanja m'mwamba, mpaka lifike pakhosi pa mfuti. Lamanzere likulunge linzake, ndipo ndi limene lizifinya. Weramirani kutsogolo ngati mukukankha galimoto yakufa. Mfuti ikankha, isiyeni ikankhe, ibwerera yokha."

Ndinawomba khumi. Iliyonse inkandigwedeza mpaka m'mano, ndipo makoma ankayankha kawiri. Titapita kukaona, mabowo onse anali pansi chakumanzere, cha m'thumba la buluku la munthu wapepalayo.

"Wamuphera foni," anatero amalume.

Don Baudilio sanaseke. Anayendetsa chala pamabowo ngati akuwerenga kalata. "Mukuigwadira isanalire, a Masamu. Mukudziwa kuti ikankha, ndiye mukuyamba ndinu kuikankhira pansi."

"Dzanja langa silikusuntha."

"Aliyense amatero. Tembenukani, muyang'ane uko."

Ndinayang'ana kukhoma. Kumbuyo kwanga ndinkamva akudzaza kabokosi ka zipolopolo kolowa mumfuti, chimodzi chimodzi, mosafulumira. Anandibwezera mfuti. Ndinakoka, inalira. Ndinakokanso, inalira. Kachitatu inangoti *tche*.

Ndinaona ndi maso anga mphuno ya mfuti ikugwa pansi, yokha, popanda choikankha. Linali dzanja langa. Koma chimene chinandigwira si manyazi. Kaphokoso kaja kanali kakang'ono zedi, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi, ndipo makoma sanakabwereze. M'dzenje monse munangoti zii. Ndinaganiza kuti kameneka ndi kamene bambo anamva pa mlatho paja, ndipo mwina anadabwa monga ndinadabwira ine.

"Mwaona?" anatero Don Baudilio. "Chimenecho ndi chakufa. Kokani chitsulo cham'mwamba chigwe, mupitirize."

Umu ndi mmene amachiritsira mantha a mfuti, ndipo anthu amachokera mpaka ku Zacapa kudzawafuna. Amasakaniza zipolopolo zakufa ndi zamoyo, iwe osaona. Sudziwa kuti yotsatira ilira kapena ayi, ndiye dzanja limasowa nthawi yoti lidzidzimukire. Ena amagula zakufa zapulasitiki zofiira, koma Don Baudilio amati zimenezo n'zoseweretsa ana. Zawo amapanga okha: amatola chikhokho cha mkuwa chimene chawombedwa kale, amathiramo mchenga m'malo mwa onga kuti kulemera kufanane, n'kubwezerapo mutu. Amazisunga m'kathabwa kobooledwa mabowo khumi.

Ine, monga mwa matenda anga, ndinayamba kufufuza dongosolo lake. Ulendo woyamba chakufa chinali chachitatu ndi chachisanu ndi chiwiri. Wachiwiri, chachiwiri ndi chachisanu. Ndinkawerenga chamumtima, milomo ikugwedera.

"Musawerenge," anatero. "Wowerenga amadzidzimuka kawiri, pa cholira ndi pa chosalira."

"Munthu aliyense amakhala ndi dongosolo, Don Baudilio, ngakhale asakudziwa."

"Mkazi wanga walifufuza zaka makumi atatu. Tembenukani."

Ulendo wachinayi anandiikira zakufa zitatu zotsatizana, ndipo masamu anga anathera pomwepo. Ndinasiya. Ndinkangofinya ndi dzanja lamanzere, kukoka pang'onopang'ono, kusiya mfuti indidzidzimutse yokha. Pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi, *tche* atabwera, mphuno siinagwedezeke. Mabowo anakwera kufika pachifuwa, osapitirira kukula kwa mbale. M'chikhatho munali mutafiira, dzanja likutentha, koma ndinamva kakunyada kopusa, konga ka mwana amene wakhoza mayeso.

Tinakhala pansi pa malata. Amalume anasenda mango osapsa, kuwaza mchere ndi madzi a mandimu, n'kumadya ndi nsonga ya mpeni. Ndinatola chakufa chimodzi patebulo ndi chamoyo chimodzi, china m'dzanja ili china umu. Kulemera kunali kumodzi.

"Nanga inu mumazisiyanitsa bwanji?"

"Zondotsani."

Ndinazondotsa. Chamoyo chinali chosalala kumbuyo. Chakufa chinali ndi kadzenje pakati, ngati mchombo, pamene msomali wa mfuti unamenya tsiku limene chinawombedwa.

Kadzenje kameneko ndinali nditakaonapo. Wapolisi anandisonyeza chipolopolo cha mumfuti ya bambo m'kathumba kapulasitiki, atakagwira m'mwamba cha kuwindo. Taonani, mayi, msomali unamenya bwinobwino, chipolopolo ndiye chinakana. Ndinavomera tsiku limenelo, chifukwa sindinkadziwa kuti pali njira ziwiri zopezera kadzenje kofanana.

"Bambo anu analinso chimodzimodzi," anatero Don Baudilio, akupukuta khosi ndi mpango. "Pansi chakumanzere. Ukalamba, dzanja linayamba kuopa. Koma tinawakonza, ulendo womaliza uja anawomba bwino kwambiri."

"Ulendo womaliza wake uti?"

"Uja anabwera ndi Aroldo. Linali Lachinayi, eti Aroldo?"

Amalume anatafuna nthawi yaitali. "Masiku ine sindisunga."

Bambo anafa Lachinayi, cha m'ma folo koloko, akuchokera kutauni. Kunyumba tonse tinkadziwa kuti anapita kukagula feteleza. Za kudzenje kuno panalibe anatiuzapo, ndipo pamaliro amalume anati tsiku limenelo sanaonane nawo.

Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti zinthu ziwiri zikachitika pamodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake, ndipo ndinagwira chiphunzitso chimenecho ndi manja awiri. Munthu akhoza kuiwala tsiku. Chipolopolo chikhoza kufooka.

"Pita ukachotse pepala lako," anatero amalume. "Ukaonetse amayi ako kuti sukulu siinapite pachabe."

Ndinapita. Mapazi khumi okha, koma miyala inkalira pansi pa nsapato, ndipo ndinkamva msana wanga wonse ngati uli pamtunda. Ndinachotsa mapini anayi, mmodzi mmodzi. Kumbuyo kwanga ndinkamva kaphokoso kaja kodzaza kabokosi, mosafulumira. Sindinacheuke. Ndinali nditaphunzitsidwa masana onse kusacheuka.

Pobwerera ndinapeza onse awiri ataima patebulo. Mfuti yanga inali itapukutidwa, kabokosi kodzaza kali pambali pake.

"Takudzazira kale," anatero amalume. "Zatsopano zokhazokha. Ine nditsala m'tauni, pali munthu wa pampu ndiyenera kumuona. Kumunda upita wekha lero. Paja tsopano ndiwe msilikali."

"Lowetsani, kokani cham'mwamba kamodzi, ikani m'chiuno," anatero Don Baudilio. "Mfuti yopanda chipolopolo chodikira pakhomo pake ndi mwala chabe."

Don Baudilio anali akubwezera zakufa m'kathabwa kaja, chilichonse m'bowo mwake. Sindinafune kuwerenga. Maso anawerenga okha.

"Zilipo zisanu ndi zitatu," ndinatero.

"Mwayambanso."

"Mabowo alipo khumi."

"Chimodzi chinasowa kalekale."

"Liti?"

"Kalekale, a Masamu. Timagwa m'miyala tinthu timeneti."

"Nanga chinacho?"

Anayang'ana pansi, n'kupalasa miyala ndi nsonga ya nsapato. "Chili pompano penapake. Ndichipeza ndikamasesa."

"Tiye, Flori, dzuwa likupita," anatero amalume. "Ukufuna mlatho uja ukaudutse kukuda?"

Ndinaika pepala langa patebulo n'kulipsinja ndi mwala, ngakhale kunalibe mphepo. Ndinatenga kabokosi kaja. Kanali kofunda, sindikudziwa ngati ndi dzuwa kapena ndi dzanja la munthu. Ndinakankha chipolopolo chapamwamba ndi chala chachikulu, chimene chikadayamba kulowa mumfuti, ndipo chinagwera papepala n'kugubuduka mpaka pakhosi pa munthu wopanda nkhope uja. Sindinachizondotse msanga. Ndinatulutsa zonse khumi n'kuziimika pamzere chamutu pansi, kuyambira chomaliza, monga ndimachitira ndi funso limene yankho lake ndikuliopa.

Zisanu ndi zinayi zinali zosalala. Choyamba chija chinali ndi mchombo.

"Aa," anatero Don Baudilio motsitsa. "Si ichi nanga. Chinasakanikira patebulo."

Anatambasula dzanja kuti achitenge. Ndinachiphimba ndi chikhatho.

"Zimachitika izi," anatero amalume. "Anthu awiri patebulo limodzi, kutentha kotereku. Mwamwayi waona. Ndi ubwino wake wa sukulu umenewu." Anaseka, ndipo khoma linawabwezera kuseka kwawo iwo atasiya kale.

Mwina zinali choncho. Nkhalamba yamaso otopa, tebulo lodzaza mkuwa wofanana, dzanja lozolowera kusakaniza kwa zaka makumi atatu mpaka limasakaniza lokha. Ndinayesa kuwerengera kuti mwa malo khumi, chakufa chigwere pamwamba penipeni, kawiri, kwa bambo ndi kwa mwana. Yankho ndinalipeza msanga ndipo silinandithandize. Mfuti yanga inali pakati pa tebulo, yopanda kanthu. Ya amalume inali m'chiuno mwawo pansi pa shati, pamene imakhala nthawi zonse, ndipo ya Don Baudilio sindinadziwe kuti amaibisa pati, chifukwa ndiwo akatswiri ake.

Muimba umodzi unatsika pakhoma n'kutera pamiyala, kutali pang'ono, ukuyenda chotsimphina. Amalume anapinda mpeni wawo. Don Baudilio anali atatambasulabe dzanja, chikhatho m'mwamba, ngati wopempha.

"Lachinayi lija," ndinatero, "anawadzazira bambo ndani?"