Tangawizi wa ku Misuku

Joyce anamva dzinalo ali kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale. Mwamuna wake Justin ankacheza pakhonde ndi mphunzitsi mnzake.

"Achimwene, ine tangawizi wandithandiza," anatero Justin. "M'mawa ndikapanda kumuona, tsiku silindiyendera."

"Wa ku Misuku uja?"

"Yemweyo. Amaluma, koma ndamukonda."

Awiriwo anaseka. Mbale inamupulumuka Joyce n'kugwera m'beseni.

Justin anatumizidwa ku Chitipa chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Joyce anatsala ku Mulanje ndi mwana wawo Mwayi mpaka nyumba itapezeka, ndipo atafika anapeza mwamuna atasintha. Munthu amene kale ankanyambita zala tsopano ankangotola nyemba ndi masamba, nyama yokazinga n'kuikankhira pambali. Tiyi wa shuga ankamusiya azizire. Madzi ankamutungirabe, nkhuni ankawaza osauzidwa, koma Joyce anayamba kuona ngati zonsezo n'zophimba m'maso. Mwamuna wosadya pakhomo ndiye kuti pali pamene akukhuta.

Sanauze munthu. Anangopemphera kuti, "Ambuye, ngati ndikumunamizira, mundikhululukire. Ngati n'zoona, mugwire lilime langa." Koma akatsinzina ankamuona Tangawizi: wamtali, wa mano oyera, atavala chitenje chatsopano cha ku Tanzania.

Loweruka anamutsatira chapatali mpaka kumsika. Justin anaima kwa mayi wina amene anayala nyemba, mawere, adyo ndi mandimu pa chiguduli. Mayiyo anatsegula fulasiki, namuthirira m'kapu popanda kufunsa. Kusafunsako n'kumene kunamubaya Joyce. Anadikira mwamuna achoke, kenako anayandikira.

"Monire, mama," anatero mayiyo. "Tikupatseni chiyani?"

"Ndinu a Tangawizi?"

Mayiyo anamuyang'ana kanthawi. "Yayi, mama, ine ndine Salome. Tangawizi ndi uyu." Anatola muzu wa timfundo, dothi lofiira lidakali pakhungu, n'kuuthyola. Fungo lake Joyce analidziwa pomwepo. Anali jinja.

"Kuno timamutchula ngati anzathu a ku Tanzania," anatero Salome.

Mayi wogulitsa nthochi pambali pake anali atamva zonse. "Mwamupeza mkazi mnzanu, mama. Mutengeni, sadya zambiri, komanso sayankha."

Anthu apafupi anaseka. Salome sanaseke nawo. Anasendera, napukuta mbali ya benchi ndi nsonga ya chitenje chake kuti Joyce akhale, n'kumuthirira tiyi yemwe uja.

"Ndinu akunyumba kwa aphunzitsi? Anandiuza kuti kuchipatala anawapeza magazi akuthamanga chomene. Akuti achepetse mchere, mafuta ndi shuga. Ine ndinangoti, ndiwo zimakoma ndi adyo, anyezi ndi mandimu, mchere pang'ono. Tangawizi ndi wa pakhosi, choko chimawatsokomoletsa."

Joyce anameza tiyiyo, akumva kutentha kukutsika pachifuwa. Anayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma nsanje inangosamukira pena. Mayi wa pamsika ankadziwa matenda a mwamuna wake, pamene iye, wogona naye mphasa imodzi, ankamuthirira mchere tsiku ndi tsiku. Anathokoza ndi mawu okhawo a kuno amene ankawadziwa, "Yewo," nagula muzu waukulu ndi adyo.

Masana Justin atalowa ananunkhiza, n'kuima pakhomo.

"Mayi a Mwayi, kodi kukununkhiraku…"

"Ndabwera naye mkazi mnzanga. Ali m'kapumo, akukudikirani."

Justin anayang'ana kapu, anayang'ana nyemba zopanda mafuta, nakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani," anatero. "Mwayenda ulendo wonsewo, mukuphika ndi mtima wonse, ndiye ine ndiyambe kudandaula za mchere?"

"Ndiye munakadandaula kumsika."

Justin ananyamula kapu n'kumwa. Maso anafiira, misozi inalengeza.

"Wokoma ndi uti, bambo a Mwayi, wanga kapena wa a Salome?"

Justin anatsokomola. "Wanu akuluma kwambiri."

Joyce anali atasinja muzu wonse dala. Anamuyang'anira mpaka kapu itatha, kenako anamusendezera madzi, namugwira dzanja, napempherera chakudya.